Kuyenda wapansi pa Nyika: ndemanga ya maulendo atatu okaona maluwa ndi mitengo

Anthu ambiri akamva dzina la Nyika amaganiza za mbidzi, chilembwe ndi ntchefu, ndipo amene amagulitsa maulendo opita kumeneko amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake zithunzi zawo zimakhala za nyama zitaima pamtunda dzuwa likulowa. Ine ndinapitako katatu, m'miyezi ya Julayi, Okutobala ndi Febuluwale, ndipo chimene ndinkafuna chinali zomera. Ndemanga ino ikunena za ntchito imodzi imene mlendo amalipira akafika pa msasa wa alendo wa Chelinda, yomwe ndi kuyenda wapansi m'thengo moperekezedwa ndi munthu wodziwa malowo. Ndinene poyambirira pomwe kuti ntchito imeneyi ndi yoyenera ndalama zake, koma phindu lake limadalira zinthu ziwiri zimene mlendo ayenera kusankha yekha asananyamuke kunyumba: mwezi umene adzapite, ndi mtundu wa munthu amene adzamuperekeze. Ine ndinalakwitsa zonse ziwiri pa ulendo woyamba.

Nyika ndi malo osungirako zachilengedwe aakulu kuposa ena onse m'Malawi, ndipo kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 3,000. Ndi paki yoyamba m'dziko muno, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965 ndi kukulitsidwa mu 1978, pamene mabanja ambiri anasamutsidwa pamalo a makolo awo, nkhani imene anthu a m'midzi yozungulira sanaiiwale mpaka lero. Mbali yaikulu ya chitunda chimenechi ili pamtunda woposa mamita 2,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nsonga yake yaitali, phiri la Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Kutalika kumeneku ndiko kumalamulira zonse zimene zimamera kumeneko. Akatswiri a zomera anawerenga mitundu yoposa 1,800 pa chitundachi, ndipo mwa imeneyi yoposa 200 ndi ya maluwa a orchid, ena mwa iwo osapezeka kwina kulikonse padziko lapansi.

Ulendo wa Julayi ndinapita ndi kampani ina ya m'tauni yonyamula alendo, imene sinditchula dzina, ndipo mnyamata amene anatipatsa kuti atiperekeze anali waulemu ndi wodziwa kuyendetsa galimoto m'misewu yovuta, koma zomera sankazidziwa ndipo sankafuna kuti tizindikire kuti sakuzidziwa. Tikaima pa duwa lililonse n'kufunsa dzina lake, iye ankayankha kuti ndi duwa lam'tchire, kenako n'kutifulumizitsa kuti kutsogolo kuli mbidzi. Kuyenda kumene tinalipirira ngati kwa theka la tsiku kunatha m'maola awiri, ndipo ambiri mwa maola amenewo tinali m'galimoto. Sindimuimba mlandu kwambiri, chifukwa alendo ambiri amafunadi nyama, ndipo ine sindinanene momveka pamene ndinkalipira kuti ndikufuna munthu wa zomera.

Ngakhale zinali choncho, Julayi anandiphunzitsa kanthu. Imeneyi ndi nyengo ya chisanu, ndipo chisanu cha pa Nyika si chimene timadandaula nacho ku Lilongwe kapena ku Dedza. M'mawa madambo amakhala atayera ngati wina wawazapo ufa, madzi amene anatsala m'beseni panja amauma pamwamba, ndipo udzu wonse wa m'zitunda umasanduka wofiirira. Maluwa amene amatsala ndi a Helichrysum, oyera, achikasu ndi ena ofiirira pang'ono, amene ukawakhudza amalira ngati pepala ndipo safota ngakhale atauma. Masamba ake ali ndi ubweya wotuwa umene umawateteza ku mphepo ndi kuzizira. Timitengo ta Protea timakhala titanyamula mitu youma ya maluwa akale, yolimba ngati yosema. Munthu amene wabwera kudzaona mitundu yowala akhoza kukhumudwa, koma mwezi umenewu ndi wabwino pa mitengo, chifukwa misewu ya m'kati mwa paki imakhala youma ndipo galimoto imafika kumalo amene dzinja silifikika.

Malo amodzi otere ndi nkhalango ya mitengo ya Juniperus procera, kum'mwera chakum'mawa kwa chitundachi. Mtengo umenewu ndi wa banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo fungo lake likukumbutsa thabwa la mkungudza munthu akangothyola kanthambi kouma. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, ndipo nkhalango ya pa Nyika ndi imodzi mwa zomalizira kum'mwera kwa Africa kumene mtengowu umamera wochuluka mwachilengedwe. Ndi kankhalango kakang'ono, ndipo msewu wopitako ndi wautali ndi wogwedeza, moti anzanga awiri ananena kuti sanaone chimene tinavutikira. Ine ndinaima pansi pa mitengo yowongoka, ya makungwa ong'ambika m'litali, nthambi zake zitalendewera ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba, ndipo ndinaona kuti ulendowo sunapite pachabe. Chimene chinasowa ndi munthu woti atifotokozere chifukwa chake mitengoyo inatsala pamalo amenewo pokha, pomwe zitunda zonse zozungulira ndi udzu.

Yankho la funso limeneli ndinalipeza mu Okutobala, pamene ndinapita ndekha n'kupempha pa Chelinda pomwepo kuti andipatse munthu wodziwa zomera. Anandipatsa bambo wina wachikulire wa kuchigawo cha Rumphi komweko, amene anayenda m'zitunda zimenezi zaka zambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona Nyika ngati munda wa udzu. Bamboyo ankayenda pang'onopang'ono, ankagwada pafupipafupi, ndipo dzina la chomera ankalitchula m'Chitumbuka kaye, kenako m'Chilatini ngati akulidziwa, ndipo pamene sakudziwa ankanena mosabisa. Khalidwe lomalizali ndilo linandichititsa kukhulupirira zina zonse zimene anandiuza.

Okutobala ndi mwezi wa lupsa. Ogwira ntchito m'paki amatentha dala zigawo zina kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, pofuna kuti moto woopsa wa kumapeto kwa chaka, umene kawirikawiri amayatsa ndi osaka nyama mozemba, ukafika upeze palibe choti udye. Pamalo otenthedwa pamaphuka msipu umene nyama zimaukonda, koma chodabwitsa ndi maluwa amene amatuluka pa dothi lakuda mvula isanagwe ngakhale dontho. Ndinaona timaluwa tachikasu ta Hypoxis tooneka ngati nyenyezi, magulu a Gnidia achikasu, ndi Gerbera wa mapesi aatali opanda tsamba. Bamboyo anafukula pang'ono m'mbali mwa chomera chimodzi ndi kamtengo kuti ndione chinsinsi chake, ndipo pansi pa kaduwa kosatalika ngati chala panali chitsa chokhuthala ngati chinangwa. Zomera zimenezi zimasunga madzi ndi chakudya pansi pa nthaka pamene moto sufika, ndipo zimachita maluwa msanga udzu usanakule n'kuziphimba, kuti njuchi ndi tizilombo tina tizione mosavuta. Atamaliza anakwiriranso dothilo ndi manja ake mosamala.

Moto womwewo ndiwo umasunga malire pakati pa udzu ndi nkhalango. Nkhalango zobiriwira chaka chonse za pa Nyika ndi timagulu ting'onoting'ono tobisala m'zigwa ndi m'mitu ya mitsinje, momwe muli chinyezi choletsa moto kulowa. Kale anthu ena ankakhulupirira kuti chitunda chonsechi chinali nkhalango imene anthu anaiwononga ndi moto, koma ofufuza amene anapima mungu wakale wokwiririka m'matope a pa chitundachi anapeza kuti udzu wakhalapo kwa zaka zikwi zambiri. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife amene tinaphunzitsidwa kuti malo opanda mitengo ndi malo owonongeka oyenera kubzalidwa, chifukwa pa Nyika chuma chachikulu cha zomera chili mu udzu momwemo, ndipo kubzalamo mitengo kungakhale kuchipha.

Umboni wake uli pa Chelinda penipeni, pamene pali nkhalango ya paini yobzalidwa m'zaka za m'ma 1950 pofuna kuyesa ngati chitundachi chingatulutse mitengo yopangira mapepala. Ntchitoyo sinapitirire, chifukwa malowo ali kutali ndi msika ndipo msewu ndi wovuta, koma paini anatsala. Kunena zoona, alendo ambiri amaikonda nkhalangoyi, popeza imatchinga mphepo ndipo nkhuni zimene zimatenthetsa madzi osamba ndi kuwotha usiku zimachokera momwemo. Koma mukalowamo muyang'ane pansi, mudzaona kuti pa masamba ouma a paini sipamera kanthu koyenera kugwadira, ndipo mbewu zake zimauluka ndi mphepo n'kukamera m'udzu kunja kwa malire. Palinso chomera cha masamba ngati nthenga chotchedwa bracken, chimene chafalikira m'zitunda zambiri n'kuphimba malo amene maluwa akanamera. Wotiperekeza wabwino sabisa zinthu zimenezi, ndipo bamboyo anandionetsa zigawo zimene anazidziwa zili udzu ndipo lero ndi bracken yekhayekha.

Tsiku lachiwiri la ulendo umenewo tinalowa m'nkhalango ya Zovo-Chipolo, kufupi ndi malire a Zambia, amene pamenepa amayenda limodzi ndi msewu moti munthu amadutsa m'mayiko awiri osazindikira. Kusintha kwake n'kwadzidzidzi. Kunja kuli dzuwa ndi mphepo, koma ukangoyenda mapazi khumi m'kati muli mdima, fungo la masamba owola ndi kulira kwa nchima pamwamba. Mitengo ina ili ndi mizu yotambalala kuchokera pa thunthu ngati zipupa, yoti munthu akhoza kubisala kuseri kwake, ndipo m'nthambi mwake mwamera zomera zina zosakhudza nthaka konse. M'mphepete mwa nkhalango zotere mumapezeka Hagenia abyssinica, mtengo wa makungwa ofiira osendeka ndi nthambi zokhotakhota, umene maluwa ake amalendewera m'mitolo ikuluikulu, ndipo aamuna ndi aakazi amakhala pa mitengo yosiyana. Njira ya m'nkhalangoyi si yaitali, koma tinatha maola atatu, ndipo sindinamvepo mawu oti tifulumire.

Ndisaiwale kuti Okutobala ndi mwezi umene ngakhale msewu wokwera umasangalatsa. Kuchokera pa chipata cha Thazima mpaka pamene chitunda chimayambira pali nkhalango ya miombo, mitengo imene aliyense wokulira kumudzi amaidziwa, monga mombo, tsamba, msuku, muwanga ndi mlombwa. Kuyambira Ogasiti miombo imaphuka masamba atsopano ofiira ndi ena ngati mkuwa, amene pang'onopang'ono amabiriwira mvula isanabwere, ndipo misuku imakhala itanyamula zipatso zoyandikira kupsa. Kwathu mitengo yotereyi inatha ndi makala ndi zigafa za fodya, kotero kuona mombo waukulu umene palibe anausendapo luzi kunandikhudza kuposa mmene ndinkayembekezera. Galimoto ikamakwera, mitengo imafupika, kenako imasanduka timitengo ta Protea, ndipo pomaliza pamatsala udzu ndi thambo.

Ulendo wachitatu, wa Febuluwale, ndiwo unali wovuta kwambiri ndiponso wopindulitsa kuposa onse. Kuchokera ku Rumphi kudzera ku Bolero kukafika ku Thazima ndi makilomita oposa 50, ndipo kuchokera pa chipatacho kukafika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. M'chilimwe mtunda umenewu ndi wotopetsa chabe, koma m'dzinja dothi lofiira la m'zitunda limaterera ngati sopo, ndipo galimoto yosakoka ndi matayala onse anayi siyenera kuyesa n'komwe. Ife tinatitimira kawiri, ndipo tinafika dzuwa litalowa, nsapato zitalemera ndi matope. Vuto la Nyika kwa wokonda maluwa lagona pamenepa, kuti mwezi umene maluwa amachuluka ndi womwewo umene msewu umakana alendo.

M'mawa mwake nkhungu itayamba kuchoka, bambo yemwe uja ananditengera ku dambo lina kufupi ndi madamu a ku Chelinda, ndipo m'maola anayi sitinayende ngakhale makilomita awiri. Ma orchid a pa Nyika ambiri amamera pansi, m'udzu wonyowa, osati m'mitengo monga amene timaona pa zithunzi za kunja. Poyamba maso anga sankawaona, koma atangozolowera anayamba kuoneka paliponse. Anandiphunzitsa kusiyanitsa mafuko atatu aakulu poyang'ana kuseri kwa duwa. Disa ali ndi kachipewa pamwamba kokhala ndi kanyanga kamodzi kumbuyo, ndipo wina wa mtundu umenewu, Disa erubescens, ndi wofiira ngati moto, wa timadontho m'kati. Satyrium ali ndi tinyanga tiwiri, ndipo maluwa ake amathithikana pa phesi limodzi lonenepa, ena oyera, ena ofiirira. Habenaria ambiri ndi obiriwira kapena oyera, ooneka ngati tizilombo ta miyendo yaitali, ndipo munthu wothamanga amawapondereza osadziwa. Pakati pa zonsezi panali Gladiolus, ndi Kniphofia wa mitu yofiira pamwamba ndi yachikasu pansi ngati muuni woyaka, umene mbalame za choso zinkaulimbirana, komanso m'malo a chinyontho chambiri munali Lobelia wamkulu wotalika kuposa munthu.

Ndinafunsa ngati n'zotheka kutenga chomera chimodzi kukabzala kunyumba, ndikudziwa kale kuti lamulo la paki likuletsa, ndipo yankho limene ndinalandira linali lothandiza kuposa kungonditchulira lamulo. Mbewu za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe chakudya chosungira mphukira, choncho sizingamere popanda mtundu wina wa nkhungu za m'nthaka, abale a bowa, zimene zimazidyetsa zikamayamba moyo. Ukachotsa chomeracho pa dothi lake ndi kuzizira kwake, chimafa ngakhale uchithirire madzi tsiku lililonse.

M'dambo lachiwiri tinapeza timaenje tambirimbiri tokumbidwa ndi khasu laling'ono, ndipo nkhope ya bamboyo inasintha. Pansi pa ma orchid amenewa pali timbatata timene anthu amakumba n'kuumitsa, ndipo akatisinja n'kutiphika pamodzi ndi nsinjiro ndi soda timalimba n'kukhala chakudya chodulidwa ndi mpeni, chimene kumpoto amachitcha chinaka ndipo ku Zambia amati chikanda. Kale chinali ndiwo ya pakhomo, koma lero ndi malonda aakulu m'mizinda ya ku Zambia, ndipo timbatatato timachokera kutali, kuphatikizapo kum'mwera kwa Tanzania ndi pa Nyika pomwepa. Wokumba akachotsa kambatata ndiye kuti chomera chonse chatha. Sindingathe kunyoza mayi amene amakwera phiri lozizira chotere usiku kuti apeze ndalama ya sopo ndi ya sukulu ya ana, makamaka ngati agogo ake anasamutsidwa pamalo omwewo. Koma ndinaona ndi maso anga kusiyana kwa dambo lokumbidwa ndi losakumbidwa, ndipo ndinamvetsa kuti kupha nyama mozemba si umbanda wokha umene alonda a m'paki amalimbana nawo. Mu 2023 boma la Malawi linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi Nyika ndi malo osungirako nyama a Vwaza, ndipo ine ndidzayesa kupambana kwa mgwirizanowo poyang'ana madambo amenewa ndi miyoyo ya anthu a m'midzi yozungulira, osati chiwerengero cha njovu chokha.

Pa za malipiro, nzika za Malawi zimalipira m'makwacha pa chipata ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo ochokera kunja, ndipo ya wotiperekeza ndi yapadera. Chimene chimadya ndalama kwenikweni ndi galimoto, mafuta ndi malo ogona, osati kuyendako. Mafuta muthire okwanira kupita ndi kubwerera musanachoke ku Rumphi, ndipo ngati mukukadziphikira nokha mugule zonse kumeneko. Ngakhale m'dzinja mutenge juzi yokhuthala, chovala cha mvula ndi nsapato zosalowa madzi, chifukwa nkhungu imatsika mwadzidzidzi masana ndipo zitunda zonse zimafanana, moti munthu woyenda yekha akhoza kusokera ali pafupi ndi msasa. Chimenechi ndi chifukwa china chosayendera wopanda woperekeza, kuwonjezera pa anyalugwe ndi afisi amene alipo ndithu ngakhale saoneka kawirikawiri.

Chimene ndinachilakalaka pa maulendo onse atatu ndi kabuku kakang'ono ka zithunzi kokhala ndi mayina a zomera m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Mabuku amene ndinawaona ndi a Chingerezi ndi Chilatini, olembedwera akatswiri, pamene nzeru za mayina a makolo ndi ntchito za zomerazi zili m'mitu ya anthu ochepa okalamba ngati bambo amene anandiperekeza. Ndinalemba m'kope langa mayina onse amene anatchula, ndipo iye ankandiwongolera kalembedwe kake moleza mtima, akuseka Chitumbuka changa chopotoka. Pamene tinkatsazikana pa Chelinda anandiuza kuti ndaona nyengo zitatu koma yachinayi ndinaiphonya, ya kumapeto kwa dzinja polowa m'masika, pamene mvula yayamba kuchepa, msewu wayamba kuuma, ndipo maluwa a Delphinium, ena obiriwira ngati thambo ndi ena oyera onunkhira, amaima m'mbali mwa nkhalango pamodzi ndi Helichrysum watsopano. Ndinamupempha kuti adzandisungire masiku atatu mu Epulo, ndipo tinagwirizana kuti tsiku limodzi mwa amenewo tidzapite wapansi ku kanyanja ka Kaulime ka m'paki momwemo, tikadzuke m'mamawa mame asanaume.